Mantha a wodwala amene akudikira opaleshoni: amachokera kuti, nanga amachita chiyani m'thupi?

Munthu akauzidwa kuti matenda ake afunika opaleshoni, kawirikawiri amayamba kuvutika ndi chinthu china chimene sichinalembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Tulo timasowa, chakudya sichilowa, pakamwa pamauma, ndipo maganizo amangozungulira pa funso limodzi lakuti: kodi ndikadzukako? Abale amamuuza kuti alimbe mtima, a kumpingo amabwera kudzapemphera naye, komabe alipo ena amene amazemba m'wodi usiku woti mawa lake alowa kufiyeta, ndipo ena amapempha kuti ayambe akafunsa kumudzi, osabweranso mpaka chotupa chitakula. Kwa zaka zambiri azachipatala ankaona mantha amenewa ngati nkhani ya chibadwa cha munthu basi, yakuti wina ndi wolimba mtima pamene wina ndi wamantha. Masiku ano amawayeza ndi kuwafufuza monga amachitira ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pali mfundo zimene akatswiri agwirizanapo, komanso zina zimene akutsutsanabe.

Chimene chikuyezedwa n'chiyani?

Akatswiri a maganizo amasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali nkhawa ya kanthawi, imene imabwera chifukwa cha vuto limene lili patsogolo ndipo imatha vutolo likadutsa, ndiye palinso nkhawa ya chikhalire, ya munthu amene mwachibadwa sachedwa kuda nkhawa pa chilichonse. Katswiri wa ku America, Charles Spielberger, ndi anzake anatulutsa mu 1970 mndandanda wa mafunso woyezera mitundu iwiriyi payokhapayokha, ndipo ukugwiritsidwabe ntchito m'kafukufuku wambiri. Vuto lake n'lakuti ndi wautali, moti namwino amene ali ndi wodi yodzaza sangaukwanitse. Chifukwa cha ichi, madokotala a ku Amsterdam anakonza mu 1996 mafunso 6 okha: anayi amafunsa mmene wodwalayo akuopera mankhwala ogonetsa ndi opaleshoni yeniyeniyo, pamene awiri amafunsa ngati akufuna kudziwa zambiri za zimene zimuchitikire. Mafunso awiri omalizawa ndi ofunika kuposa mmene amaonekera, monga tionera kutsogoloku.

Chiwerengero cha odwala amene amapezeka ndi nkhawa yaikulu chimasiyana kwambiri malinga ndi dziko, mtundu wa opaleshoni ndi mafunso amene agwiritsidwa ntchito, koma kafukufuku wa m'mayiko ambiri akaphatikizidwa amasonyeza kuti ndi pafupifupi theka la odwala onse. Amene amapezeka kawirikawiri m'gulu limeneli ndi amayi, achinyamata, amene akulowa kufiyeta koyamba, ndiponso amene opaleshoni yam'mbuyomu sinawayendere bwino. Zimene amaopa sizifanana. Wina amaopa kufa ali m'tulo, wina amaopa kudzidzimuka mpeni uli mkati, wina amaopa ululu wa pambuyo pake, ndipo ambiri saopa fiyeta ayi koma zimene madokotala akapeze akatsegula, kapena ana amene atsale opanda wowadyetsa, kapena munda umene ugonere chaka chimenecho.

Zimene mantha amachita m'thupi

Mu 1915 Walter Cannon, katswiri wa pa yunivesite ya Harvard, anafotokoza mmene thupi la nyama kapena la munthu limakonzekerera likaona choopsa, kuti limenyane nacho kapena lichithawe. Ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timatulutsira m'magazi mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umayamba kugunda mofulumira, magazi amathamanga kwambiri, shuga amachuluka m'magazi, mitsempha ya pakhungu imafinyika kuti magazi apite ku minofu ikuluikulu, ndipo m'mimba mumasokonekera. Thupi limachita ngati galu wa pakhomo amene amauwa mofanana kaya wafika ndi wakuba kaya ndi mlendo wodzathandiza. Silitha kusiyanitsa mpeni wa mdani ndi wa dokotala, ndipo kulilangiza ndi mawu okha kuti lisiye sikuti kumatheka nthawi zonse. N'chifukwa chake munthu wopemphera kwambiri, kapena namwino amene amadziwa bwino za kufiyeta, amatha kunjenjemera chimodzimodzi tsiku lake likafika.

Kwa ogwira ntchito kufiyeta zimenezi zili ndi zotsatira zooneka. Mtsempha wofinyika umavuta kuupeza poika dilipi. BP ikakwera kwambiri m'mawa wa tsikulo, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda othamanga magazi, opaleshoni imatha kuimitsidwa, ndipo kudikira kwachiwiri kumawonjezera nkhawa imene inayambitsa vutolo. Kafukufuku wosiyanasiyana wapezanso kuti odwala a nkhawa yaikulu amafuna mankhwala ogonetsa ochulukirapo kuti agone. Koma chimene chapezeka mobwerezabwereza kuposa zonse ndi cha ululu: amene analowa ndi mantha aakulu amamva kupweteka kwambiri akadzuka, amapempha mankhwala opha ululu ochuluka, ndipo ena ululuwo umawakhalitsa miyezi chilonda chitapola kale.

Pamenepa m'pofunika kusamala. Kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti chimodzi ndiye chayambitsa chinzake. Munthu amene ali ndi matenda aakulu amaopa kwambiri chifukwa akudziwa kukula kwa matenda akewo, ndipo akachedwa kuchira, n'zovuta kunena ngati wachedwetsedwa ndi manthawo kapena ndi matendawo. Choncho palibe chifukwa choti wodwala wamantha aziuzidwa kuti akudzipha yekha ndi maganizo, pakuti mawu oterewa amangosanjika mantha ena pamwamba pa oyamba aja.

Kodi manthawa ali ndi maziko?

Chaka cha 1846 chisanafike, opaleshoni inkachitika munthu ali maso, atagwiridwa ndi amuna amphamvu kapena atamangidwa, ndipo luso la dokotala linkayezedwa ndi changu chake. Robert Liston wa ku London anatchuka chifukwa chodula mwendo m'mphindi zochepa kwambiri. Pa 16 Okutobala 1846, pachipatala cha Massachusetts General ku Boston, dokotala wa mano William Morton anasonyeza pagulu kuti mpweya wa ether umagonetsa munthu moti chotupa chikhoza kuchotsedwa iye osamva kupweteka. Chaka chotsatira James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena ogonetsa otchedwa chloroform. Kuopa ululu kunachepa, koma m'malo mwake kunabadwa mantha atsopano, oopa tulo tosadzuka, ndipo sanali opanda pake: mu 1848 mtsikana wa zaka 15 wa kufupi ndi Newcastle anamwalira atapatsidwa chloroform pofuna kungomuchotsa chikhadabo cha kuphazi. Zilonda nazo zinkaola ndi kupha anthu ambiri mpaka Joseph Lister atayamba kuphunzitsa za kupha tizilombo pabala mu 1867.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zasintha kwambiri. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012 anapeza kuti imfa zobwera chifukwa cha mankhwala ogonetsa okha zinatsika kuchoka pa 357 mwa odwala 1 miliyoni alionse zaka za m'ma 1970 zisanafike, kufika pa 34 m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ngakhale kuti kutsikaku kunaoneka kwambiri m'mayiko olemera. Zimene zathandiza ndi mankhwala abwinopo, maphunziro a ogonetsa odwala, ndi zipangizo monga kachida kopanira pachala kamene kamayeza mpweya wa okosijeni m'magazi. Za kudzidzimuka opaleshoni ili mkati, kauniuni wa dziko lonse la Britain ndi Ireland wa mu 2014 anapeza kuti odwala amene anadzanena okha kuti zinawachitikira anali pafupifupi mmodzi mwa 19,000, pamene kafukufuku amene amachita kufunsa wodwala aliyense amapeza mmodzi kapena awiri mwa 1,000. Ziwerengero ziwirizi zatalikirana, ndipo akatswiri akukambiranabe chifukwa chake, koma zonse zikusonyeza kuti ndi chinthu chosachitikachitika.

Tiyeneranso kudziwa kuti si opaleshoni iliyonse imene imafuna kugonetsa munthu. Jakisoni wa pamsana, amene anayamba ndi August Bier ku Germany mu 1898, amachititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kapena pamimba kutsika kumiyendo, munthu ali maso, ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri kwa amayi obereka kudzera pa opaleshoni. Jakisoniyu ali ndi mantha akeake: ambiri amaopa kupuwala miyendo, chinthu chimene chimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, pamene vuto lodziwika bwino ndi kutsika kwa BP ndi mutu umene ena amamva masiku otsatira. Palinso ketamine, mankhwala odalirika m'zipatala za zipangizo zochepa chifukwa kawirikawiri saletsa munthu kupuma yekha, koma amatha kuchititsa maloto achilendo podzuka, ndipo wodwala amene sanachenjezedwe amakafotokoza kumudzi zinthu zimene zimaopsa aliyense womva.

Kwa ife a ku Africa nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitingaizembe. Mu 2018 The Lancet inatulutsa zotsatira za kafukufuku wotsogozedwa ndi Bruce Biccard wa pa yunivesite ya Cape Town, amene anatsatira odwala 11,422 m'mayiko 25 a mu Africa. Pafupifupi awiri mwa 100 alionse anamwalira, ndipo pa maopaleshoni okonzekera, chiopsezo chomwalira chinali chowirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse lapansi, ngakhale kuti odwalawo anali aang'ono msinkhu ndi a thanzi labwinopo. Choncho munthu wa kuno akamaopa, sitinganene kuti ndi umbuli chabe. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti imfa 94 mwa 100 zilizonse zinachitika tsiku la opaleshoni litadutsa kale, kutanthauza kuti choopsa chachikulu sichili pa tebulo la kufiyeta, pamene anthu ambiri amaloza chala, koma m'wodi masiku otsatira, pamene anamwino ochepa akuyang'anira odwala ambiri ndipo vuto limachedwa kuonedwa. Apa mpamene wodikirira wodwala, gadiyani wathu uja, amakhala wofunika, chifukwa kawirikawiri ndiye amayamba kuona kuti mnzake wasintha kapumidwe kapena watentha thupi. Komanso amene amachedwa kubwera chifukwa cha mantha amafika matenda atakula, opaleshoni yake imakhala yoopsa kwambiri, ndipo akamwalira, a kumudzi amatsimikiza kuti kufiyeta n'kumene kwamupha.

Kuuzidwa zoona: kumachepetsa mantha kapena kumawonjezera?

Mu 1958 Irving Janis wa pa yunivesite ya Yale anafotokoza ganizo limene linadabwitsa anthu ambiri, lakuti mantha apakatikati ndi othandiza. Iye anaona kuti odwala amene sankaopa n'komwe ankadzidzimuka ndi ululu wa pambuyo pa opaleshoni, n'kukwiyira anamwino, pamene amene ankada nkhawa pang'ono ankafunsa mafunso, kuganizira zimene zikubwera, n'kukonzekera mumtima. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake sanathe kutsimikizira bwinobwino ganizo limeneli, ndipo ambiri anapeza chabe kuti mantha akachuluka, mavuto nawo amachuluka. Komabe Janis anatsegula njira ya funso lakuti wodwala akonzekeretsedwe motani.

Yankho lotchuka linachokera ku chipatala chomwe chija cha Massachusetts General. Mu 1963 Lawrence Egbert ndi anzake anayerekeza odwala amene anabayidwa mankhwala okhazika mtima pansi otchedwa pentobarbital ndi odwala amene anangochezeredwa ndi dokotala wogonetsa madzulo a tsiku loti mawa lake ndi opaleshoni, n'kuwafotokozera mmene zinthu ziyendere. Obayidwa mankhwala aja anali ndi tulo koma mtima sunali m'malo, pamene ochezeredwa aja anali maso koma odekha. Chaka chotsatira anachita kafukufuku wina pa odwala 97 a opaleshoni ya pamimba. Gulu limodzi linauzidwiratu pamene padzapweteke, kukula kwa ululuwo, nthawi imene udzatenge, ndi mmene angapumire ndi kutembenukira pabedi kuti uchepe. Gulu limeneli linagwiritsa ntchito pafupifupi theka la mankhwala amphamvu opha ululu poyerekeza ndi linzake, ndipo madokotala awo, amene sankadziwa kuti wodwala ali m'gulu liti, anawatulutsa m'chipatala masiku oposa awiri msanga. Chochititsa chidwi n'chakuti odwalawa sanauzidwe kuti sipadzapweteka ayi. Anauzidwa kuti padzapweteka, ndi chochita pakapweteka.

Koma anthu safanana. Katswiri wina wa maganizo, Suzanne Miller, anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti alipo anthu amene mtima umakhala pansi akadziwa chilichonse, ndiye alipo ena amene amapeza mtendere akapanda kumva zambiri, ndipo aliyense amavutika akapatsidwa zosiyana ndi zimene amafuna. Ichi ndicho chifukwa cha mafunso awiri aja a ku Amsterdam. Malamulo nawo ali ndi mbali yake: wodwala sayenera kusayina chikalata chovomera opaleshoni asanauzidwe zoopsa zake, ndipo ku Britain khoti lalikulu linagamula mu 2015, pa mlandu wa Montgomery, kuti dokotala auze wodwala choopsa chilichonse chimene munthu woganiza bwino angachione kukhala chofunika, osati zokhazo zimene madokotala asankha. Ena amati ufulu umenewu ndi wosakambirana, pamene ena amakumbutsa kuti mndandanda wautali wa zoopsa, ukawerengedwa mothamanga pakhomo la fiyeta, umatha kuchititsa munthu kumva zizindikiro zimene wangouzidwazo. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake.

Ku Malawi nkhani yovomera imakhudzanso banja. Mayi kapena mnyamata akhoza kumvetsa zonse koma n'kufuna kuti ayambe wamva mawu a mwamuna wake, a malume kapena a makolo, ndipo nkhawa yake ina imakhala yakuti zikavuta adzanenedwa kuti anasayina yekha. M'zipatala za m'maboma, ntchito yogonetsa odwala ndi maopaleshoni ambiri imagwiridwa ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera, amene amakhala ochepa poyerekeza ndi odwala, moti kucheza kwa madzulo kuja, kumene sikufuna ndalama kapena chipangizo, kumafuna nthawi imene kawirikawiri ndiyo imasowa.

Mankhwala, nyimbo ndi njira zina

Mankhwala okhazika mtima pansi, monga diazepam ndi midazolam, akhala akuperekedwa kwa zaka zambiri opaleshoni isanayambe, ndipo kwa wodwala amene mantha amukulira kwambiri amathandizadi. Chimene chikukayikitsa ndi kupatsa aliyense mwachizolowezi. Kafukufuku wa ku France wa mu 2015, wa odwala oposa 1,000, anapeza kuti amene anamwa mankhwala ena a mtunduwu otchedwa lorazepam sanakhutire ndi chisamaliro kuposa amene sanamwe kanthu, ndipo anachedwerapo kutsitsimuka. Kwa okalamba madokotala amasamala kwambiri chifukwa mankhwala a mtunduwu amatha kusokoneza mutu. Chaka chomwecho The Lancet inaphatikiza kafukufuku 73 wokhudza nyimbo, ndipo inapeza kuti kumvetsera nyimbo kumachepetsa nkhawa, ululu ndi kufunika kwa mankhwala opha ululu, ngakhale kuti sikunafupikitse masiku okhala m'chipatala.

Kwa ana, ambiri amaganiza kuti mayi akalowa nawo mpaka mwana atagona ndiye kuti mantha atha, koma kafukufuku sanapeze phindu lodalirika pa chimenechi, makamaka ngati khololo lili ndi mantha, chifukwa mwana amawerenga nkhope ya mayi ake. Zidole, masewera ndi makatuni a pafoni zaonetsa zotsatira zabwinopo.

Kusala chakudya nako kumawonjezera mavuto. Cholinga chake ndi kupewa kuti za m'mimba zingabwerere n'kulowa m'mapapo munthu ali m'tulo, ngozi imene Curtis Mendelson wa ku New York anafotokoza mu 1946 pa amayi obereka. Malangizo a mabungwe ambiri a ogonetsa odwala masiku ano amalola chakudya chopepuka mpaka maola 6 ndi madzi mpaka maola awiri opaleshoni isanayambe, kupatula pa matenda ena, koma kumene nthawi yolowera kufiyeta sidziwika, wodwala amasala kuyambira pakati pa usiku mpaka madzulo, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti magazi, magetsi kapena malo palibe, ayesenso mawa.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Funso loyamba ndi lija la chiyambi ndi chotsatira. N'zodziwika kuti mantha akhoza kuchepetsedwa, koma umboni wakuti kuwachepetsa kumafulumizitsa kupola kwa chilonda kapena kuchepetsa imfa ndi wofooka poyerekeza ndi umboni wa ululu. Lachiwiri ndi la muyezo: mafunso oyezera nkhawa anakonzedwa ku America ndi ku Ulaya, kwa anthu amene amayankha okha papepala, ndipo sizikudziwika bwino ngati amagwira nkhawa ya munthu amene analeredwa kuti asamaonetse mantha pamaso pa akuluakulu, amene dokotala akamufunsa amangoti zonse zili bwino.

Palinso funso la nthawi ndi munthu woyenera kufotokoza. Kodi wodwala auzidwe ku kiliniki kudakali milungu ingapo, kapena madzulo omaliza? Kodi afotokoze ndi wogonetsa, namwino, kapena munthu amene anachitidwapo opaleshoni yomweyo n'kuchira? Nanga kanema wa pafoni angalowe m'malo mwa munthu kumene ogwira ntchito ndi ochepa? Pa mwadzidzidzi, monga mayi amene akuthamangira naye kufiyeta kuti mwana apulumuke, nthawi yokonzekera imakhala mphindi zochepa, ndipo kafukufuku wambiri amene tatchulayu anachitika pa maopaleshoni okonzekera. Chovutitsitsa ndi chakuti ziwerengero zotonthoza mtima zambiri zimachokera ku zipatala za m'mayiko olemera, ndipo akatswiri sanagwirizane kuti dokotala wa chipatala chimene nkhokwe ya magazi ili kutali ndipo chipinda cha odwala mwakayakaya kulibe anene zotani, ndipo zochuluka motani, kwa wodwala amene opaleshoniyo akuifunabe kuti akhale ndi moyo.